Digiri ya Lorna Inali Tsidya la Dziwe

Lorna Tibbets anakulira pa famu ya tirigu kumadzulo kwa Kansas, kumene madzi akuya kwambiri anali a m'chomwera ng'ombe. Anali mwana wosakhazikika, wodya ataimirira. Pa koleji ina yaing'ono ku Ohio anasankha fizikisi ndi maphunziro a nyenyezi, koma mwa mwambo wa pamenepo anamuphunzitsanso ndakatulo, mbiri yakale ndi kuumba mbiya. Zonsezo anakhoza, ngakhale mbiya zake zinkadontha.

Chinatsala chimodzi. Lamulo lakalekale la kolejiyo linkati aliyense asambire m'dziwe losambiramo la pakolejipo kupita ndi kubwerera, apo ayi palibe digiri. Lorna analizemba zaka zinayi, mawa mawa. Tsopano kunatsala masiku asanu okha, makolo atagula kale zovala za pamwambo wolandira digiri.

Sabata imeneyo mpando unkamuotcha. Ankangozungulira mu labotale, kupukuta magalasi oyera kale a telesikopu yoonera nyenyezi, kutafuna pensulo. Kenako anachita zomwe ankadziwa: anadzaza bolodi ndi masamu.

"Taona," anauza Odalys, mnzake wa chipinda chimodzi. "Mapapo akadzaza mpweya, thupi limapepuka kuposa madzi. Sindingamire."

"Ukawawerengere madziwo, mwina iwo sanamve," anatero Odalys.

Lachinayi m'mawa anatsikira m'dziwe. Anakoka mpweya wambiri n'kuusunga, monga masamu ananenera, ndipo anayandamadi. Koma pa bolodi paja anaiwala kuti munthu amafunika kupumanso. Atangoutulutsa anapita pansi, n'kuvuuka akutsokomola, atakakamira khoma.

Mayi Pruitt, mphunzitsi wa zosambira, ananjuta pambali pake. "Wa fizikisi iwe, eti? Chaka chilichonse mumabwera mutadzifufumitsa ngati baluni. Gona chagada, uzipuma ngati uli pabedi. Nthawi sindiwerengera."

"Koma mayi, kulemera kwa..."

"Tseka pakamwa mwanawe, mukulowa madzi."

Anagona chagada. Mantha sanamuchoke, anangopita nawo, akupalasa mokhotakhota. Anagunda khoma la tsidya ndi mutu, n'kutembenuka. Atafika pomwe anayambira, manja anakana kumukweza, mpaka Mayi Pruitt anachita kumukoka. Misozi inamutsika, ya manyazi ndi kutopa.

"Ndalephera eti, mayi?"

"Chiyambire ntchitoyi sindinaone munthu wosambira moipa chotere," anatero mayiwo, akuvula chivindikiro cha cholembera ndi mano. "Koma fomuyi imangofunsa ngati wafika."