Msonkho wa Malizani

Lestina anali mkazi wa mawu ochepa ndi manja othamanga. Pa esiteti ya tiyi imene inali m'mphepete mwa njira yopita ku Makwasa, akapitawo ankamudziwa pa sikelo, poti dengu lake silinkabwerako lopepuka. Amayi anzake ankamudziwa pa liuma. Ena ankati n'chikondi, ena ankati mutu unasokonekera, koma panalibe amene analimba mtima kumuuza pamaso.

Anafika ku Thyolo ali kamtsikana, pamene abale ake, Alomwe a kutsidya kwa Ruo, ankathawa nkhanza za Apwitikizi. Anawoloka atasenza mbewu ya kalongonda, n'kupeza kuti dziko lonse limene maso ankaona linali kale ndi mwini wake, mzungu. Wofuna pomanga nyumba ankalipira ndi msana, ndiye thangata ija: miyezi ya mvula, munda wako ukulira khasu, iwe uli m'munda wa bwana. Pamwamba pa thangata panakhalanso msonkho wa nyumba, wa Boma. Lestina anakulira m'menemo osaona chachilendo, poti wokulira pa chitunda amayesa dziko lonse n'lokwera.

Mwamuna wake anali Malizani, mmodzi wa odula mitengo pamene nkhalango zinkagwetsedwa kuti pabzalidwe tiyi. Anali munthu wamtali, wa nthabwala, ndipo mluzu wake unkafika pakhomo mwiniwake adakali kuseri kwa phiri. Mwana wawo mmodzi yekhayo chikuku chinamutenga asanayambe kuyenda. Anatsala awiri, ndipo anagwirana kwambiri.

Kenaka kunabwera nkhondo ya Chiwaya, ya Angerezi ndi Ajeremani. Anthu a ku Thyolo sanalandanepo ngakhale nkhuku ndi Mjeremani aliyense, koma katundu wa nkhondo ankafuna mitu yomusenza. Amesenjala a Boma anafika masana, amuna ali pa ntchito, n'kutola a mapewa otakasuka kuti akakhale amtengatenga. Lestina anamva ali kumtsinje. Pothamangira kumsewu anangopeza fumbi ndi amayi anzake manja ali kunkhongo. Sanatsanzikane.

Nkhondo itatha, ena anabwerako, atawonda, akutsokomola. Za ena, anzawo anabweretsa uthenga woti tinawakwirira pakutipakuti, ndipo maliro awo analiridwa. Koma panali gulu lachitatu, la anthu amene palibe anawaona akufa ndipo palibe anawaona akubwerera. Malizani anali m'gulu limenelo.

Tsono apa ndi pamene panali nkhanza yopsetsa mtima. Mkazi wamasiye sankakhoma msonkho wa nyumba. Koma kwa okhometsa msonkho, wamasiye anali yekhayo amene wina anaona mtembo wa mwamuna wake. Amuna osowawo onse anali amoyo, ndipo nyumba zawo zinali ndi msonkho. Boma lomwe linamutaya munthu m'tchire ndi lomwenso linkalumbira chaka ndi chaka kuti munthuyo alipo.

Akazi ena a amuna osowawo ankadandaula mpaka malovu kuuma. Lestina yekha ankakhoma ndi mtima wonse. Ankathyola tiyi m'mame ndi m'chifunga, zala zitachita dzanzi, n'kumasunga pang'onopang'ono kuti nyengo ikakwana asapemphe kwa munthu. Abale a Malizani anabwera kuti amumete, maliro athe, amusudzule akaone zina. Anawakana. Amuna ofunsira mbeta anabweranso, wina mpaka wa njinga, koma anabwerera manja ali m'thumba. Iye ankangoti, "A Boma akuti alipo. Ine ndine ndani kuti ndiwaphe?" Amayi anzake osowa amuna, ngakhale ankamunena kuseri, ankalimbira pa iye. Lestina akadali kudikira, iwonso ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zaka zinapita choncho mpaka tiyi wodzalidwa pamene Malizani anadula mitengo anayamba kuthyoledwa. M'zaka za m'ma 1920, anthu a m'maesiteti a chigawo chimenecho anayambitsa bungwe loti lizikafikitsa madandaulo awo ku Boma. Mutu umodzi susenza denga, anatero. Bungwe linafuna pulezidenti, ndipo lamulo linali lakuti nyumba iliyonse yolembedwa m'buku la msonkho, ngakhale yolephera kukhoma, ili ndi mawu posankha. Amene anakonza lamulolo ankaganiza za amuna okhaokha, n'kuiwala kuti akazi a anthu osowa nawonso ankakhoma. Atazindikira, kunali kutada kale.

Opikisana anali awiri. A Dixon anali msilikali pa nkhondo ija, ndipo jekete la usilikali silinkachoka pathupi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anali munthu wolungama, kungoti ankakhulupirira Boma mopitirira. Iwo ankati, "Msonkho tiusiye kaye, abale anga. Tikaugwedeza, Boma litiyesa oukira. Nkhondo ikadzabweranso tidzapite mwaulemu, ndiye adzatimvera. Ine chimene ndikapemphe n'chakuti atumize anthu kukafunafuna abale athu osowa. Ine ndinawaona ena, ali moyo ndithu, m'midzi ya kutali, opanda wowalozera njira."

A Jonas anali kalipentala wokhoma mabokosi a tiyi ku fakitale, munthu wa chibwibwi koma wosabweza mawu. Iwo ankati, "Ine ndikanene zinthu ziwiri basi. Munthu asadzamangidwenso chingwe kupita ku nkhondo ya eni. Chachiwiri, amene sanabwere mpaka lero anafa. Tinene poyera. Akazi awo ndi amasiye, ndipo msonkho uwachoke."

Lestina atamva mawu a a Jonas mtima unamuwawa ngati amutukwana. A Dixon ndiwo anali munthu wake, ndipo aliyense ankadziwa.

Loweruka lake, amayi akuweruka ku sikelo, Leah anamutsatira. Leah anali mnzake wa mzere umodzi pothyola tiyi, ndipo mwamuna wake anatengedwa tsiku limodzi ndi Malizani. Iye anali ndi ana anayi. Msonkho unali utamukanika, amesenjala anamugwetsera nyumba, ndipo anawo ankagona m'khitchini mwa mlongo wake pamodzi ndi nkhuku.

"Achemwali," anatero Leah, "mawa ku miting'i mukaima kuti?"

"Mukufunsa chimene mukuchidziwa."

"Ndikudziwa. Koma amayi onsewa akuyang'ana inu. Kumene mukaime ndi kumene akaime. Palibe akufuna kukhala woyamba kunena kuti mwamuna wake anafa, inu muli chiimire."

"Ndiye ndiwaphe a Malizani chifukwa cha msonkho?"

"Iyayi, achemwali. Ine sindikuti muwaphe. Inu muli nokha, manja anu ndi achangu, msonkho mumaukwanitsa. Ine wamng'ono uja chifuwa sichikumuchoka chiyambire kugona pamphepo. Bambo ake akanakhala moyo akanabwera ngakhale chokwawa. Ndimawadziwa." Kenaka anati, "A Malizani nawonso mumawadziwa."

Mawu otsirizawo anamulowa Lestina ngati munga, chifukwa anali oona. Malizani sanali munthu wokhala m'mudzi wa eni zaka zonsezo akudya nsima ya mkazi wina. Akanakhala ndi mpweya akanafunsa njira mpaka kufika.

Msonkhano unachitika Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, pansi pa mitengo ya bulugamu. Kasankhidwe kake kanali kosabisa: a Dixon anaima uku, a Jonas uko, ndipo aliyense anayenera kukaima kumbuyo kwa munthu wake, mudzi wonse ukupenya. Amuna anayamba kugawikana. Amayi aja anaunjikana pambali, maso ali pa Lestina.

Iye anayenda molunjika kwa a Dixon, n'kugwada monga mwa ulemu.

"Bambo, ndifunse nawo. Amene munawaona m'midzi ya kutaliyo, a Malizani analipo?"

A Dixon akanatha kunama, ndipo akanapindula. Koma sanali munthu wotero. "Iyayi, mayi. Sindinawaone. Koma manda awo sindinawaonenso."

"Nanga amene munawaonawo, anali angati?"

A Dixon anayang'ana pansi. "Ochepa, mayi. Ochepa kwambiri. Amene tinkawasiya m'njira ndiwo anali ambiri."

Lestina anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo. Anayang'ana Leah, amene anali ndi mwana wodwala uja kumsana ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha. Kenaka anadutsa pabwalopo, pang'onopang'ono, n'kukaima kumbuyo kwa a Jonas. Mlamu wake, mng'ono wa Malizani, amene anali mu mzere wa a Dixon, anavula chipewa. Aliyense anamva chimene mayiyo ananena popanda kutsegula pakamwa. Leah anamutsatira, kenaka enanso, mpaka amayi onse osowa amuna anakaima kumeneko.

Koma anapambana ndi a Dixon. Amuna ambiri anali ndi mantha. Ankakumbukira zimene zinaoneka ku Chiradzulu anthu atayesa kulankhula za nkhondo ndi thangata, ndipo ankaopa kuthamangitsidwa pa malo a bwana. Sitingawanene kwambiri, poti nawonso anali ndi ana. Komabe zinali zowawa kuona mzere wa a Jonas, waufupi, wodzaza ndi akazi amene anali atangotaya amuna awo pamaso pa anthu popanda kupatsidwa kanthu.

Pobwerera Leah ankalira. "Achemwali, ndakulakwirani. Ndakulandani chimene munali nacho, ndipo sitinapeze kanthu. Muziwadikirabe. Palibe adzakufunseni za lero."

"Madzi akatayika saoleka," anatero Lestina, osatembenuka.

Komabe anayesa ndithu kudikiranso. Madzulo amenewo anasesa pakhomo monga mwa masiku onse, n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira yochokera kumsewu. Koma njirayo inali njira chabe. Chimene chinkamuchititsa kuyang'ana kumeneko zaka zonsezo chinali chitachoka, ndipo sanathe kuchibweza.

M'mawa mwake anapita ku tiyi dengu lili kumsana. Kunali chifunga. Anathyola mpaka pakati pa mzere, kenaka manja aja anangoima okha. Anakhala pansi pakati pa mitengo ya tiyi n'kuyamba kulira maliro, mokweza, mu Chilomwe cha kwawo, akutchula dzina la Malizani. Sikunali kusisima kwa munthu wokhumudwa. Kunali kulira kwa pa siwa, kumene kumaitana mudzi. Leah anatula dengu lake n'kulandira. Mayi wina kumunsi analandiranso, akutchula wake. Posakhalitsa phiri lonse linali maliro, mkazi aliyense akulira mwamuna wake, mchimwene wake, mwana wake, anthu amene sanakumbiridwe manda ndi abale awo.

Kapitawo anathamanga ndi ndodo yake akukalipa kuti ntchito yaima. Atayandikira n'kumva mayina amene ankatchulidwa, anasiya. M'bale wake nayenso anapita ndi ulendo womwewo. Anaima poteropo mpaka chifunga chinachoka, koma tikiti ya malipiro a tsikulo anawadula onse, poti bwana akanamufunsa. Amenewo ndiwo maliro okhawo amene amtengatenga osowa aja analiridwa.

Patapita masiku ochepa abale a Malizani anabwera, ndipo ulendo uno Lestina anaweramitsa mutu, anamumeta. A Dixon anakapereka pempho lawo ku Boma monga analonjezera, koma palibe anatumidwa kukafuna munthu. Mwana wodwala wa Leah uja anamwalira mvula isanathe.

Nyengo ya msonkho itakwana, amesenjala anafika monga mwa kale n'kunena kuti mwini nyumba, Malizani, sanakhome. Lestina anatuluka ndi mutu wake wometa. Anawauza kuti munthuyo anamwalira, ndipo iwo anafunsa amene anaona mtembo. Panalibe. Lestina analowa m'nyumba, anakamasula ndalama pa nsonga ya nsalu, n'kumukhomera msonkho mwamuna amene anali atamulira kale.