Bishopu wa Nkhosa ndi Mawondo Anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 kwathu ku Chiosya, zipani zitangochuluka kumene. Parishi yathu inakonza mpikisano wa masewero a zisudzo pakati pa sukulu, ndipo mphoto yake inali mpira wachikopa. Ife amene zala zathu zinatha ndi chikulunga tinkachita kuulota mpira umenewo.

Aphunzitsi athu, a Banda, anapeza nkhani m'buku lonunkha nkhungu la kunyumba ya ansembe. Inali mbiri ya bishopu wina wa ku Mangalande, kalekale anthu akumenyana ndi malupanga. Anabadwa kwa woweta nkhosa, anaphunzira kulemba kwa amonke, anakhala mlembi wa mfumu, kenaka bishopu. Mfumuyo italanda minda ya amphawi, iye anaidzudzula pamaso osaphethira, mpaka inabwera kudzamugwadira kupepesa. Dzina lake linkatipinda lilime, choncho tinkangoti Bishopu wa Nkhosa.

Bishopuyo ndinali ine. Sikuti ndinali wanzeru ayi, koma mutu wanga wokha ndi umene unakwana chisoti cha katoni ya sopo. Ndodo yaubusa inali nsungwi yopindidwa pamoto. Nsalu yofiira ya mkanjo anabweretsa ndi malume anga, a Mbewe, amene ankayendetsa thiraki yodutsa pa boda kupita ku Chipata. Malumewa ndiwo anali mwini mbumba kwathu. Polankhula nawo tinkagwada, maso pansi, ngakhale pongowapatsira madzi akumwa.

Mfumu anali mnzanga Yohane. Tinkayeserera pabwalo pa malume, iwo ali pakhonde kuswa mtedza. Yohane akandigwadira ndinkatukumuka ngati tambala, ndipo ndinkachedwetsa dala kumukhululukira kuti miyala imulase.

Tsiku la mpikisano Yohane anadzuka masaya atatupa ndi matsagwidi. A Banda anagwira mutu. Malume, amene anangobwera kudzaonerera, anati, "Musavutike aphunzitsi. Mawu a mfumuyo ndawamva mpaka ndimawanena ndekha pa chiwongolero. Ndikhala ine." Ansembe analola, ndipo malume anavala chisoti chachifumu pamwamba pa jekete lonunkha dizilo.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Ndinaweta nkhosa, zimene zinali ana a Sitandade 1 ofunda matumba a feteleza. Ndinalemba makalata ndi nthenga ya nkhuku. Ngakhale podzudzula mfumu ndinalimba mtima, ndikuyang'ana khoma. Kenaka inafika nthawi ija. Malume anayenda pang'onopang'ono, nagwada pamaso panga.

Abale anga, mawondo ali ndi nzeru zawozawo. Ndisanaganize n'komwe, ndinali nditagwada kale.

"Imirira iwe!" malume ananong'ona mano ali gwa. Pofuna kukonza zinthu, anawerama kwambiri kuti akhale pansi pa bishopu. Ine poona mutu wa malume uli m'munsi mwa wanga, ndinachita mantha ndipo ndinatsika kuposa iwo. Iwo anatsikanso. Mapeto ake tonse awiri tinagona chafufumimba pasimenti, chisoti cha katoni chikugubuduka kulunjika kwa oweruza. Holo yonse inafa ndi phwete. Amayi anga anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Mpira unapita ku sukulu ya ku Dambe. Ndinalira, ndipo anzanga anandisala sabata yathunthu. A Banda anangopukusa mutu n'kunena kuti mwina ku Mangalandeko kunalibe malume.

Patapita masiku, thiraki inaima pamsewu, ndipo malume anatsika atapanira mpira wachikopa m'khwapa, wogula ku Chipata. Anauponya pakati pathu, nati, "Sewero mwalephera, koma mlongo wanga analera."

Lero adzukulu anga a kwa mlongo wanga amandipatsa moni manja ali m'thumba, maso pa foni. Sindiwakalipira, mwina iwowa ndiwo akanatha ubishopu. Malume anakalamba tsopano, thiraki anaisiya kale, maso nawo akuchita chidima. Koma ndikapita kukawaona, ndi imvi zangazi, ndimagwadabe pakhonde paja. Iwo amandipapasa phewa, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Imirirani a Bishopu," amatero, "mutiluzitsanso mpira."