Galimoto yodziwa kugwada

Loweruka lapitali ndinali mwini wa galimoto yaikulu kwa maola asanu ndi awiri. Musaseke. Makiyi anali m'thumba mwanga, ndipo akabaza a pa boma ankandipatukira ngati ndine bwana wochokera ku Lilongwe.

Inu amene mumawerenga danga lino mukuwadziwa kale matenda anga. Papita zaka ndikulota chigalimoto chija chachitali, chokoka ndi matayala onse anayi, chimene anyamata amati folobayifolo. M'maloto anga chimakhala chobiriwira ngati mpunga wa mu Febuluwale. Mipando yake ndi yachikopa, isanu ndi iwiri. Ndimachiyendetsa mosapupuluma, chigongono pawindo, kuchoka pa boma kulowera ku Dwangwa, minda ya nzimbe ikudutsa uku ndi uku, kanyimbo kakulira chapansipansi. Maenje a pamsewu ndimangowaona ndi maso, msana osawamva.

Ndikadzuka ndimapeza kagalimoto kanga kali phee pansi pa mtengo wa mango, kaja kamene kakangoona chithaphwi kamayamba kutsokomola.

Ndiye mnzanga Saidi, amene tinkakhala naye benchi limodzi ku pulayimale, masiku ano amaitanitsa magalimoto kunja n'kumagulitsa. Sabata yatha inamufikira imodzi yangati ya m'maloto anga, kungoti iyo inali yoyera. Ndinamuvutitsa ndi mafunso pa foni mpaka anatopa nane.

"Aphunzitsi, bwerani mudzaitenge muilawe," anatero. "Koma folo koloko ikhale pano, Inshallah. Kukubwera wogula kuchokera ku Dwangwa."

M'mawa wa Lowerukalo ndinaizungulira katatu ndisanatsegule chitseko. Ndinafunsa ngati denga lake limatseguka. Limatseguka. Ndinafunsa za kafiriji ka pakati pa mipando, za kanema wa ana, za kamera yoonera kumbuyo, za liwiro lake pa tala. Saidi anayankha zonse moleza mtima. Ndinachoka pamenepo ndikudziona ngati munthu wodziwa kusankha galimoto.

Nditafika nayo kunyumba, mayi a Tadala, akazi anga, sanaiyang'ane n'komwe mipando yachikopayo. Anawerama, n'kuyang'ana matayala, n'kuyang'ananso kutalika kwake kuchoka pansi.

"Iyi ingafike ku Bua," anatero. "Tiyeni tikawatenge amayi."

Ndikufotokozereni. Apongozi anga amakhala ku Chia. Alima mpunga moyo wawo wonse, ndipo madzi a m'dambo anawadya mawondo, moti pano amayenda ndi ndodo. Ali ndi akulu awo amodzi okha otsala, amene anakwatiwa kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Akulu awowo akhala chigonere kuyambira pa Khirisimasi, ndipo anatumiza mawu akuti, "Mumuuze mng'ono wanga abwere ndikadazindikira anthu." Koma msewu wolowera kumeneko nthawi ya mvula ndi phala lokhalokha. Kagalimoto kanga kanayesa kamodzi, tinachita kukabweza chokankha. Panjinga yamoto apongozi sangakhalepo ndi mawondo amenewo. Mawu aja anali atakhala milungu isanu osayankhidwa.

Ine ndinkafuna ndikaonekere pa msika ndi pa depoti ya maminibasi, anthu andione. Koma mayi a Tadala akayankhula ndi mawu otsika chonchija, nkhani imakhala yatha.

Tsono pali china chimene a m'tauni mwina munachiiwala. Ine ndi apongozi anga timaopana. Chikwatirireni mwana wawo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano, sindinawagwirepo dzanja. Sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Tikamalonjerana, iwo amakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, mawu n'kumadutsa mwa mwana wawo: "Uwafunse amunako ngati adzuka bwino." Si chidani ayi. Mayi amenewa amandisungira mpunga wonunkhira wa m'munda mwawo chaka chilichonse, ndipo ine ndimawakonda kwambiri. Ndi ulemu umene tinaupeza, ndipo tonse awiri taunyamula mosadandaula.

Kunena zoona, nkhani ya apongoziyi ndi imene ndinkagwiritsa ntchito powanyengerera mayi a Tadala za galimoto yaikulu. Ndinkati, taganizani, mizere itatu ya mipando. Ine kutsogolo, amayi kumbuyo kwenikweni, pakati pathu mpata woti munthu n'kuyalapo mphasa. Ulemu wake umenewo.

Ulendo wa ku Chia unali wa m'maloto ndithu. Injini siinkamveka. Mphepo yozizira inkatuluka sindikudziwa kuti, kunja dzuwa likuswa mtengo. Ndinali pamwamba moti ndinkaona mkati mwa mipanda ya anthu, amayi akuyanika chinangwa pathandala, mbalame zoyera zikutera m'minda ya mpunga. Pa mlatho wa Chia ogulitsa nsomba anathamangira galimoto atanyamula chambo m'mwamba, akuitana kuti "Bwana, bwana." Kagalimoto kanga kakamadutsa pomwepo satukula n'komwe mutu. Ndisakunamizeni, zinandikomera.

Tinawapeza apongozi atakonzeka kale, poti mwana wawo anali ataimba foni. Anavala chitenje chatsopano ndi duku, kathumba ka mpunga wa odwala kali pambali. Pamudzi panali zii, anthu onse ali ku dambo. Ine ndinatsika, ndinatembenuza galasi loonera kumbuyo kuti liloze kudenga, maso athu angakumane m'njira, kenako ndinakaima kuseri kwa galimoto, nkhope kuthengo.

Ndili komweko ndinamva chitseko chikutseguka.

"Iwe, chimenechi n'chokwera anthu kapena n'chokwera anyani?" Amenewo anali apongozi.

Ndinasuzumira pang'ono. Poponda pa galimotoyo panali pofika m'mawondo mwawo. Anayesa kutukula mwendo wamanja, unakana. Anayesa wamanzere, anabuula. Mayi a Tadala anayesa kuwakankha kumbuyo, koma iwonso ndi munthu wochepa thupi, ndipo onse awiri anatsala pang'ono kugwera m'matope. Anabweretsa ndowa n'kuivundikira, apongozi atangopondapo inaphwanyika pakati. Anagubuduza mtondo, koma unali wautali kuposa popondapo, ndipo unkagwedera. Za mpando wa kumbuyo kwenikweni uja, umene ndinkaunyadira, sitinazitchule n'komwe.

Nthawi inali ikupita. Kuchoka ku Chia kudutsa pa boma mpaka ku Bua, kukhalako pang'ono, kuwabweza, n'kukafika kwa Saidi folo koloko, panalibe mpata wopita ku dambo kukaitana anthu.

Apongozi anakhala pa mtondo uja, akupuma mwabefu. Anatenga kathumba ka mpunga n'kumupatsa mwana wawo.

"Basi, pitani inuyo," anatero motsitsa. "Ukawauze akulu anga kuti ndinafika mpaka pachitseko."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa. Ndinaima kuseri kuja ndi makiyi a galimoto ya mamiliyoni m'manja, yokhala ndi kafiriji ndi denga lotseguka, ndipo inkalephera chinthu chimodzi chokha chimene tinaibweretsera. Ndinachita manyazi, ndinamvanso chisoni.

Sindikudziwa kuti miyendo yanga inaganiza liti. Ndinangopezeka ndazungulira galimoto, ndagwada bondo limodzi m'matope pafupi ndi chitseko, linalo ndaliimika ngati kampando. Maso ndinaloza pansi.

"Amayi, pondani apa."

Aka kanali koyamba kuwayankhula popanda wodutsamo. Mayi a Tadala anagwira pakamwa.

Kenako apongozi anati, "Uwauze amunako kuti thalauza lawolo ndi la ku tchalitchi."

"Lichapidwa, amayi," ndinayankha ndekha.

Ndinamva akuvula nsapato zawo za pulasitiki. Kenako kansalu kamene anafunda pamapewa kanagwera pabondo langa, anakayala bwinobwino kuti phazi lawo lisandikhudze. Anaponda. Dzanja lawo linagwira phewa langa, mwana wawo anawachirikiza m'chiuno, ndipo anakwera. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zimenezo zinandimvetsanso chisoni china.

Tinayenda mpaka kudutsa pa boma. Titasiya tala n'kulowa msewu wa matope, galimoto ija inaonetsa chimene anaipangira. Inkangoyandama. Madzi ofiira ankathovokera m'mbali, mabango akukwapula mawindo, ife mkati tili phee ngati tili pabalaza. Pamalo pamene kagalimoto kanga kanatitimira paja, iyi inadutsa osasintha n'komwe mawu. Ndinali m'maloto anga enieni, kungoti bondo linali lonyowa.

Ndiye kumbuyo kunachoka mawu.

"Akamwini, tsitsani galasi lanulo muziona kumbuyo. Mungatigwetsere m'dambo chifukwa cha ulemu."

Ndinalitsitsa. M'galasimo ndinaona nkhope ya mayi amene anandiberekera mkazi. Ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndipo akamamwetulira amafanana ndi Tadala wanga. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

Ku Bua kunali anthu ambiri owatsitsa. Ine ndinatsala panja, koma khomo linali lotsegula. Odwala aja anatukula mutu pamphasa, anayang'anitsitsa, kenako anatchula dzina limene ine sindinalimvepo, dzina la paubwana la apongozi anga. Anagwirana manja nthawi yaitali. Anakangana pang'ono za mbuzi ina yakalekale imene inadya chinangwa cha eni, aliyense akuti anaimasula ndi mnzake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Titakawatula apongozi ku Chia, ndinabweza galimoto kutatsala mphindi zochepa kuti folo ikwane, matope mpaka m'magalasi. Saidi anayang'ana galimoto, anayang'ana bondo langa, ndipo ndinamufotokozera zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatsegula chitseko, n'kudina kabatani kena pafupi ndi giya.

Galimoto ija inapuma ngati ng'ombe yotopa, n'kuyamba kutsika. Inatsika, inatsika, mpaka popondapo panafika poti ngakhale mwana woyamba kumene kuyenda akhoza kukwera.

"Imagwada yokha, aphunzitsi," anatero Saidi. "Anaipangira okalamba ndi odwala."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa za firiji."

Ndakhala ndikuganiza za yankho limenelo sabata yonse. Saidi sananame. Ndinafunsa mafunso khumi ndi awiri, ndipo onse anali okhudza ine ndi anthu ondiona ndikudutsa. Panalibe ngakhale limodzi lokhudza munthu amene adzakweremo.

Kodi si mmene ambirife timasankhira? Tikamayang'ana zithunzi za magalimoto pa foni timadziona tikutsika pa ukwati, pa maliro, pa tchalitchi kapena pa mzikiti, anthu akunong'onezana kuti mwana wa uje zinamuyendera. Timaitcha galimoto ya banja. Koma pitani pa maliro alionse kuno kwathu muone. Zigalimoto zazitali zimandandalikana pansi pa mitengo, magalasi akuda otseka, pamene azakhali a mwini galimotoyo akutsika pa kabaza, atagwira msana. Mipando isanu ndi iwiri ija imabwera yopanda anthu, n'kubwereranso yopanda anthu. Ena amaopa matope a kumapazi, ena fungo la usipa. Nanga banja lake ndi liti?

Sindikunyoza galimoto zazikulu ayi. Ndingayambe bwanji, ine wodwala nazo? Misewu yathu ya kumidzi imafuna zimenezo, ndipo Loweruka lija popanda matayala anayi okoka aja apongozi ndi akulu awo sakanaonana. Sindikunyozanso mwambo wa kuopana. Ukanakhala wopanda pake, bondo langa lija silikanakhala kanthu. Ndikungoti galimoto yokwera mtengo ikhoza kudziwa kugwada, mwini wake osadziwa.

Lachitatu kunabwera foni kuchokera ku Bua. Odwala aja asiya kuyankhula, ndipo sakuzindikiranso munthu. Tikanadikira kuti msewu uume, apongozi akanakapeza thupi lopuma chabe.

Tsiku lomwelo ndinapita ku Chia pa kagalimoto kanga kukawauza. Sanapite kuseri kwa nkhokwe. Anakhala pamkeka, ine pa kampando chapatali pang'ono, ndipo tinayankhulana tokha. Analira pang'ono, kenako anati, "Koma anandizindikira." Pofuna kuwasangalatsa ndinawauza za kabatani kaja, kuti galimoto ija ikanatha kuwagwadira yokha.

Anandiyang'ana, nthawi ino m'maso.

"Mukadzagula yanu, akamwini, kabatani kameneko musadzakakhudze. Ine ndinakwera bwino."

Galimoto yoyera ija inapita ku Dwangwa, ndipo ine ndabwerera ku maloto anga. Chigalimoto chija chikadali chobiriwira ngati mpunga, mipando ikadali yachikopa, chigongono chikadali pawindo. Chasintha n'chakuti masiku ano sindikhalamo ndekha. Kumbuyo kwanga kumakhala mayi wa duku, kathumba ka mpunga pamiyendo, akundiuza kuti ndichepetse liwiro.

Inu amene mwatsala pang'ono kuitanitsa yanu, mtundu mwasankha, matayala mwasankha. Kodi mwaganizapo za munthu wa mawondo ofooka kwambiri pamtundu panu, kuti adzakwera bwanji?

Thalauza lija mayi a Tadala alichapa kawiri. Banga la pabondo silinachoke, ndipo ndawauza kuti alisiye choncho.