Ufa ku Mapazi a Nkhuku

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinapanikiza nkhuku pakati pa miyendo n'kuyamba kufufuza tizilombo m'nthenga zake. Tinkakhala ku Joni, dera la Nellmapius, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake: Amayi, Abambo, ine, ndi mlongo wanga Dalitso yemwe anali atangoyamba kukwawa.

Nkhukuyo inali ya Dalitso. Amayi ena a kutchalitchi anabwera nayo podzaona mwana, monga timachitira kumudzi, ndipo nkhuku ya mwana saipha wambawamba. Linali thadzi lofiira, lonenepa, lamwano. Chisanu cha ku Joni chitafika, Amayi anaimvera chisoni. "Eish, ifa ndi kuzizira iyi." Basi inayamba kugona m'katoni kuseri kwa chitseko, masana n'kumalowa ndi kutuluka ngati nayonso imalipira lendi.

Kenaka Dalitso anayamba kutsekula m'mimba. Thupi linatentha, maso analowa m'kati, bere analikana. Anamugoneka m'chipatala, Amayi n'kukhala naye komweko. Abambo pobwerako anati adokotala afunsa ngati timaweta nkhuku, akuti mwana wameza tizilombo ta m'zitosi.

"Zabodza zimenezo," anatero Abambo akuvula nsapato. "Ine ndakulira pakati pa nkhuku ku Balaka. Chitopa chimapha nkhuku, osati munthu. Nanga iyi ikuoneka yodwala?"

Sinkaoneka yodwala ngakhale pang'ono. Mapiko sinagwetse, sinkasinza, inkathamangitsa ndi galu wa eni nyumba yemwe. Ndinkachita mantha kuti Dalitso afa, komanso ndinkafunitsitsa kuona nkhope ya chinthu chimene chinkamupha. Kwa ine tizilombo tinali nyerere, nsabwe, utitiri, zinthu za miyendo zoti ukhoza kuziphwanya ndi chikhadabo. Ndiye m'mawa mwake ndinaigwira, ndinatambasula mapiko, ndinauzira nthenga za m'khosi, ndinasuzumira mpaka kumchira. Fungo lokha, kachilombo ayi.

Anti Esnati anandipeza ndili pa ntchito imeneyi. Ndi mlongo wawo wa Abambo, ndipo nthawi imeneyo ankaphunzira zasayansi pa yunivesite ku Hatfield.

"Ukutani ndi nkhuku, iwe?"

"Ndayang'ana ponseponse, Anti. Ilibe tizilombo. Adokotala anama."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Anandiuza kuti timeneti ndi mabakiteriya, tating'ono kwambiri moti maso sangatione, ndipo timakhala m'matumbo mwa nkhuku popanda kuidwalitsa. Abambo anapukusa mutu. Anti sanakangane nawo. Anatapa ufa m'thumba, anauwaza pakhomo pomwe panali zitosi, anatiuza kuti tingokhala duu tiyang'ane.

Nkhuku inaponda ufawo n'kulowa m'nyumba mwachizolowezi. Timapazi toyera tinayenda pa simenti, tinakwera pa mphasa imene Dalitso ankakwawapo, tinazungulira beseni lomusambitsira. Ine ndinkatsatira chogwada, ndikusangalala ngati ndi masewera. Kenaka inadumphira pa kabokosi ka ziwiya, inajompha nyenyeswa, n'kutsika.

"Achimwene, tabwerani muone," anatero Anti.

Pa mlomo wa kakapu ka Dalitso, kabuluu kaja kokhala ndi tizogwirira tiwiri, panali ufa. Chisangalalo changa chinathera pomwepo. Abambo anakanyamula, anakayang'anitsitsa. Kenaka anatuluka, ndipo ndinangomva hamala ikulira kuseri. Pofika madzulo nkhuku inali ndi khola lake la matabwa, katoni ija itapsa. Anti anandisambitsa m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono.

Dalitso anabwerako atawonda, khungu lili lendelende m'ntchafu, ndipo anaiwala kukwawa kwa kanthawi. Koma anabwerako. Nkhuku yake inakhala zaka, inaikira mazira ambiri, ndipo Amayi ankawawiritsa mpaka kuuma gwa.

Lero ndimamvetsa kuti Abambo sanali mbuli. Ankadziwa bwino matenda amene amaonekera pa nkhuku, ndipo amenewo ndi omwe ankalondera. Sanadziwe kuti nkhuku yathanzi ikhoza kunyamula matenda a mwana wawo. Ndikapita kumudzi, azibale amandiseka kuti wa ku Joni ndi wamatama, amasamba m'manja akangogwira dzira. Ndimaseka nawo. Koma nkhuku ikalowa m'nyumba momwe muli mwana wokwawa, ine ndimaonabe timapazi toyera tija, ndipo ndimadzuka kukaitulutsa.