Mayi Dailesi, Amene Anamanidwa Dzina la Bambo Awo

Mayi Dailesi, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Kaseye mu 1961, bambo awo a Sichali ali ku migodi ya ku Zambia. Azakhali anawerenga miyezi ndi zala, nagamula kuti mwanayo si wa pakhomopo. Kuno mwana wamkazi wa kwa Sichali amatchedwa Nachali, koma iwowa anawamana dzinalo. Anakula akudya patali ndi anzawo.

Kutchalitchi ndiye kunali kwawo. Zaka makumi anayi anasesa, kuchapa nsalu za paguwa ndi kuyendera odwala panjinga yopanda mabuleki. Wina akawakumbutsa za chipongwecho, ankangoti, "Chiuta ndiye amadziwa kuwerenga." Chimene mtima wawo unkalira chinali chimodzi: kudzagona pafupi ndi bambo awo, kumanda a banja.

Mu 2012 mlongo wawo, a Philip, wogwira ntchito m'boma ku Lilongwe, anadwala khansa ya m'magazi. Madokotala a ku India anati pakufunika maselo a m'mafupa ochokera kwa m'bale, ogwirizana ndi thupi lawo, popeza thupi limakana zachilendo. Anatinso njira yokuza maselo a wodwala mwiniwake ikadali pa kafukufuku. Abale asanu anayezedwa, onse osagwirizana. Pamenepo mpamene anakumbukira kuti ku Kaseye kuli munthu.

A Philip anaimba foni. "Adumbu, ndithandizeni." Aka kanali koyamba kuwatchula kuti mlongo.

"Yewo, ndabwera," anayankha mayiwo, osafunsa kanthu.

Magazi anagwirizana kotheratu, ndipo dokotala ananena a Philip akumva kuti zotere zimachitika makamaka kwa ana a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi. Mayi Dailesi analira, osati ndi singano ayi. Anapereka maselowo ku Indiako, a Philip anachira. Pobwerera anamanga kapepala ka zotsatirako m'buku lawo la mapemphero, nadikira kuti banja liwaitane. Anadikira zaka khumi ndi ziwiri. Chinafika ndi chitenje chimodzi basi.

Matenda a mtima atawagoneka, sanadandaule. Analandira Ukaristia Lachisanu m'mawa, nauza amayi a gulu la mapemphero la Legio kuti, "Philip musamukalipire." Kenaka anatsinzina mwakachetechete, kolona ili m'manja.

Ife akhristu anzawo tinapita ndi kapepala kaja kukapempha malo kumanda a banja. Akuluakulu anati zimene anagamula akufa, pepala silingasinthe. A Philip anakhala pomwepo, onenepa bwino, maso ali pansi. Zimenezi zinatiwawa, ndipo sitibisa.

Tinawaika kumanda a mpingo. Polankhula pamaliro, a Philip anati, "Ife a kwa Sichali tabwera kudzakhuza anzathu." Magazi amene ankayenda m'thupi mwawo akunena zimenezo anali a malemuwo.

Pamtanda, akhristu tinalemba tokha: Dailesi Nachali.