Oyilo Wofiira wa Loweruka

Galimoto ya bambo anga inali ndi matenda amodzi okha, ndipo ine matendawo ndinkawakonda. Inkachucha oyilo wa chiwongolero. Inali galimoto yotuwa ya zitseko zinayi, yomwe anagula atapuma ntchito kufakitale ya nsalu ku Kadoma. Inkakhala pabwalo ku Rimuka, pansi pake atayalapo katoni, ndipo pofika Loweruka katoniyo inkakhala ndi banga lofiira lalikulu ngati mbale ya ndiwo.

Loweruka linali langa. Ndinkasiyira mnzanga tebulo langa la tomato ku Chinengundu, ku Chegutu kuno, n'kukwera kombi ya ku Kadoma, kabotolo ka oyilo wofiira kali m'chikwama. Tinabadwa akazi awiri okha, ine wamkulu, ndiye za galimoto bambo anaphunzitsa ine. Ndinkatsegula boneti, kupukuta chivindikiro cha kathanki kuti mchenga usagweremo, kuona pomwe oyilo walekeza, n'kuthira pang'onopang'ono. Iwo ankaliza injini n'kumapotoza chiwongolero mpaka kumapeto, uku ndi uku, ine maso ali pathovu kudikira kuti lithe. Pampu ya chiwongolero ikasiya kulira ngati kambuzi, ankatulutsa mutu pawindo.

"Yakhuta, mayi. Tseka."

"Mayi" ameneyo anali wanga ndekha, poti amati nkhope ndinatengera mayi awo. Chichewa nachonso chinali chathu awiri. Mng'ono wanga amamva koma amayankha m'Chishona, ndiye paboneti paja ndi pomwe bambo ankamasuka n'kundiuza za abambo awo ndi za kumigodi. Mapewa awo anali atatha ndi ntchito, moti popanda oyiloyo sakanatha kukhota ngakhale pageti. Ndinkadziwa kuti akundifuna, ndipo zinkandikomera.

Kenako mng'ono wanga anakwatiwa ndi makaniko wa kumgodi ku Chakari. Munthu wabwino, waulemu, wosamwa. Ndinamufufuza chilema ndithu koma sindinachipeze, ndipo chimenecho n'chomwe chinkandiwawa kwambiri. Loweruka lina ndinafika n'kupeza miyendo yake ili tambalale kunsi kwa galimoto. Anali atapeza kuti paipi yobwezera oyilo kukathanki inang'aluka. Anaikapo yatsopano, kumanga kilampu, kukhetsa oyilo wakale yemwe anali atada, n'kuthira wina. Ntchito yomwe ine ndinaisamala zaka zinayi anaitha tiyi asanazizire.

"Maiguru, kabotolo kanuko sungani," anatero mlamu wangayo akupukuta m'manja, kunditchula m'Chishona monga mkulu wa mkazi wake. "Iyi yapola."

Bambo anapotoza chiwongolero ndi zala ziwiri, akuseka mano onse pamtunda. "Mukwasha wangayu ali ndi manja!" Anauza aneba za mkamwini wawoyo, anakauza a kutchalitchi, anauzanso ine katatu ngati kuti sindinalipo. Katoni ija anaitaya kudzala. Ine ndinamwetulira, koma mumtima ndinkati zaka zinayi ndikupanikizana m'makombi, palibe tsiku ananenapo kuti ndili ndi manja.

Ndinabwerabe Maloweruka atatu. Ndikatsegula kathanki, oyilo ali pomwe paja, sanatsike ngakhale dontho. Bambo sankadzukanso pampando. "Usavutike, khala pansi," ankatero. Mwina ankandimvera chisoni, koma ine ndinkamva kuti ntchito yandithera. M'nyumba nkhani zinali za mukwasha, m'Chishona, ine ndili duu pakona ngati mlendo.

Loweruka lachinayi, onse ali m'nyumba kudya sadza, nsima ya kuno, ndinatuluka ngati ndikukasamba m'manja. Ndinatenga sikuludiraiva ya bambo m'buti, n'kumasula kilampu ija kawiri kokha. Sindinkafuna zambiri. Ndinkangofuna kabanga kofiira pansi, ndiponso kumva bambo akunena kuti ntchito za anyamata a masiku ano sizikhalitsa. Galimotoyo sinkapita kutali, kutchalitchi ndi kumsika basi. Ndinabwerera ku Chegutu n'kujomba Maloweruka awiri kuti andiyimbire okha. Foni inangoti zii.

Lachitatu lina masana ndili patebulo langa, ndinamva kulira kwa kambuzi kuja galimoto ndisanaione. Inatulukira pakona ya msewu wathu ikukwawa, bambo atagonera chiwongolero ndi thupi lonse, koma sichinawamvere. Tayala lakutsogolo linagwera m'ngalande. Kombi yomwe inali pambuyo inaima modzidzimuka, hutala ili pii, anthu n'kuyamba kuunjikana.

Ndinathamanga. Malaya awo anali atanyowa ndi thukuta, ndipo mkono wamanzere unkanjenjemera wokha.

"Bambo! Mwabwera nokha? Pamsewu waukulu, ndi malole onse aja?"

"Ndinati galimoto inachira," anatero akupuma mwabefu. "Mwana wanga wakhala akubwera kwa ine zaka zonsezi, ndipo tsopano wasiya. Ndiye lero ndipite ndine. Yayamba kuuma ndili pakati panjira."

Pampando wakumbuyo panali ambulera yaikulu yatsopano. Ndinawadandaulirapo kamodzi kokha kuti dzuwa likundipsereza tomato.

Amuna anayi anatithandiza kukankha galimoto kuchoka m'ngalande. Nditatsegula boneti, kathanki kanali gwa, paipi yonse ili noninoni. Bambo anatsika movutika, anavala magalasi awo, n'kuwerama. Anayang'ana kilampu ija nthawi yaitali. Munthu amene wakalambira pamakina simungamunamize.

"Mukwasha amamanga ndi sipanala," anatero motsitsa mawu kuti anthu asamve. "Zipsera izi n'za sikuludiraiva yanga ija yobenthuka kunsonga. Amene amadziwa pomwe imakhala ndi anthu awiri."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

"Kaitenge. Manga chimene unamasula."

Ndinaitenga n'kumanga. Kabotolo kaja kanali kadakali m'chikwama changa, ndiye ndinathira. Popeza mkono wawo unali utakanika, ndinakhala pachiwongolero ndine, iwo n'kuima paboneti kuyang'ana thovu. Ndinapotoza uku ndi uku, uku ndi uku. Thovu linatha, chiwongolero chinafewa, koma pampu sinasiye kulira. Inali itayenda youma mtunda wautali, ndipo inkalirabe choncho mpaka tsiku lomwe galimotoyo inagulitsidwa.

Madzulo a tsikulo mlamu wanga anabwera pakombi kudzawatenga. Anagwada pafumbi akuomba m'manja, kupepesa kuti mwina sanamange bwino, kuti akanapha apongozi ake. Bambo anandiyang'ana, akudikira. Ine ndinayang'ana tomato wanga. Zinanditengera miyezi kuti ndimuuze mlamuyo zoona, ndipo anandikhululukira mwamsanga, zomwe zinandipwetekanso.

Koma zomwe ndimakumbukira kwambiri ndi za paboneti paja, mlamu asanafike. Thovu litatha, ndinatulutsa mutu pawindo ngati mmene iwo ankachitira, n'kudikira mawu anga a Loweruka. Bambo anavula magalasi, kuwapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Tseka," anatero.

Ndinadikirabe "mayi" uja pang'ono, koma mawuwo anathera pomwepo.