A Lumo ndi Ubweya wa Ajaji

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, a Lumo ankakhulupirira chinthu chimodzi: tsitsi likakula, limetedwe. Dzina la Lumoli anawapatsa ndi makasitomala a m'kashopu kawo kometera, kachipinda ka mpando umodzi, kalilole wong'aluka pakona ndi benchi yokhalapo odikira, ena a iwo ongobwerera macheza. Anali munthu wa manja opepuka koma wouma mutu. Ukawauza kuti angochepetsa pang'ono, ankavomera mwaulemu, kenako n'kumeta mmene aonera okha.

Mutu umodzi wokha ndi umene unawakanika, ndipo unali m'nyumba mwawo momwe. Akazi awo, omwe anali atelala, anapatsidwa kamwana kagalu ndi banja lina lomwe ankalisokera makatani. Kanali ka mtundu wa chauchau. Katakula kanasanduka chigalu chofiirira cha manyenje ngati mkango, mchira wopindikira pamsana, lilime lakuda ngati chanyambita inki. Nkhope yake inali yokwinya nthawi zonse, moti mayiwo anamutcha Ajaji, ndipo m'nyumbamo aliyense ankamupatsa ulemu wa munthu wamkulu.

Ajaji sankauwa chisawawa, sankathamangira mpira, ndipo sankagwedezera mchira munthu wina aliyense kupatula mayi. M'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, mayi ankakhala pakampando pakhonde, Ajaji n'kubwera okha, kutembenuka, kuwapatsa msana. Burashi inkayambira kuseri kwa makutu mpaka kumchira. A Lumo ankadutsa ndi chikwama chawo cha makina, n'kuima pang'ono, zala zikuwayabwa.

"Mayi, mungondipatsa mphindi khumi ndi galuyu."

"Bambo, pitani mukamete anthu anu."

Choncho iwo ankauza a pabenchi kuti kwawo ndi wachitatu, pambuyo pa mayi ndi Ajaji. Ankanena moseka, koma kansanje kanalipo ndithu.

Chaka china, nyengo yotentha itangoyamba, mayi anagwa pafupi ndi makina awo osokera. Inali sitiroko. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala anati dzanja lamanja mwina silidzagwiranso bwino. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankawadikirira kuchipatalako, sanazengereze.

"Adadi, galuyu timupezere pokhala. Amayi sadzathanso kumusamala, ndipo inu sakufunani."

"Amayi ako adzampeza pano," anatero a Lumo. Ankadziwa kuti mayi akabwera n'kupeza khonde lopanda Ajaji, adzakhala ngati atayanso dzanja lina.

Koma kulonjeza n'kosavuta. Akatenga burashi, Ajaji ankadzuka n'kusamukira chipinda china. Patatha milungu itatu, ubweya unamangana mfundo kuseri kwa makutu ndi m'khwapa, ndipo masana galuyo ankangopuma wefuwefu, lilime lakudalo lili panja. A Lumo anamva chisoni, ndipo chisoni cha munthu wometa chimathera pa makina. Lamulungu lina anayala nsalu pakhonde. Ajaji, omwe masiku amenewo ankangogona motaya mtima, sanalimbane nawo. Anawameta mpala thupi lonse, n'kusiya manyenje ndi kansonga ka mchira. Atamaliza, mwachizolowezi, anawaonetsa kalilole wam'manja.

Ajaji anakalowa pansi pa tebulo losokera. Anatuluka tsiku lachiwiri, n'kukagona pageti pomwe ankadikirira mayi, ndipo pofika madzulo msana wonse unali utapsa ndi dzuwa.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Anayang'ana galu, n'kuyang'ana a Lumo.

"Bambo, wachita zimenezi ndani?"

"Ndine. Ndi ntchito yanga."

"Pa anthu mwina. Galu ameneyu ali ndi ubweya wamitundu iwiri, wofewa wapansi ndi wolimba wapamwamba. Wapamwambawo ndi umene umamutchinga kudzuwa. Sametedwa, amapesedwa. Tsopano ukhoza kumera mwa zigambazigamba, ndipo pena ungakane kumera."

A Lumo, omwe moyo wawo wonse palibe anawaphunzitsapo za tsitsi, anangoti, "Ndamva, adokotala." Manyazi anawagwira mpaka anaiwala chipewa pampando.

Kuyambira pamenepo anayamba kutsekula shopu mochedwa. Ankayendetsa Ajaji m'mamawa kukadali kozizira, atawaveka nsalu yophimbira makasitomala yomwe anaidula kuti ikwane. Ankawapaka mankhwala pamsana, kuwasinthira madzi katatu pa tsiku, ndi kuwasiyira fani yomwe inali ya kushopu, a pabenchi n'kumadandaula thukuta. Kenako ankakhala pakampando ka mayi, burashi m'manja. Tsiku loyamba Ajaji analola kupesedwa katatu kokha n'kuchoka. Mlungu wotsatira analola kakhumi. Munthu amene anakalamba akudula tsitsi tsopano ankaweramira msana wa galu m'mawa uliwonse, kufufuza ngati lamera.

Kuchipatala mayi ankafunsa, lilime likulemera, "Ajaji ali bwanji?"

"Ali bwino, mayi. Angopepukidwa pang'ono."

Tsiku lotuluka linafika ubweya utamera monga ananenera dokotala, apa wambiri, apa kadazi, ngati kapeti yodyedwa ndi njenjete. Mayi analowa pageti atakoleka dzanja paphewa la mwana wawo. Ajaji anadzuka, anayenda osathamanga monga mwa ulemu wawo, n'kutsamira miyendo ya mayi, mchira wothothokawo ukugwedera. Mayi anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mwawameta."

"Ndinawameta, mayi."

"Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukuwayang'ana ngati kasitomala."

"Mwaona, amayi?" anatero mwana uja. "N'chifukwa chake ndikuti timupereke kwa anthu odziwa. Ndawapeza kale, akhoza kubwera Loweruka."

A Lumo analibe pogwira. Umboni wonse unali pamsana pa galu.

M'mawa mwake mayi anapempha kuti awakhazike pakampando kawo. Anatenga burashi ndi dzanja lamanzere, anapesa kawiri mokhotakhota, burashi n'kugwa pansi. Anayesanso, inagwanso. Mwana wawo anaima pakhomo akuonerera. A Lumo anatola burashiyo n'kukhala pasitepe. Pamenepo Ajaji anadzuka, anatembenuka, anagoneka mutu pamapazi a mayi, msana n'kupatsa a Lumo.

Iwo anayambira kuseri kwa makutu, pang'onopang'ono, akudumpha malo a dazi.

"M'khwapamo musakoke," anatero mayi.

"Ndikudziwa. Amadana nazo."

Mwana uja anaonerera mpaka burashi inafika kumchira. Kenako analowa m'nyumba, ndipo anamveka akuimba foni, akupepesa anthu a Loweruka aja.

A Lumo akuchotsa ubweya m'burashi, mayi anamasula mpango wakumutu ndi dzanja lawo limodzilo. Tsitsi lawo linali litamangana ndi miyezi iwiri ya pilo wa kuchipatala. Chikwatiranireni, amuna awo anali asanaligwirepo.

"Pali kasitomala wina," anatero mayi. "Koma makina anuwo musabwere nawo kuno."

A Lumo anakatenga chipeso cha mano akuluakulu. Tsiku limenelo shopu anatsekula masana.